Nyumba ya Atate Sidzagwetsedwa

M'dera la Mfumu Ndake, m'boma la Nyimba lomwe kale linali mbali ya Petauke, muli mkulu wina amene moyo wake wonse anagwira nchito yomanga nyumba. Tsopano manja ake analema ndi ukalamba. Pakhomo pake pali nyumba ya njerwa zoocha imene atate ake anamanga atabwerako ku uchona ku Southern Rhodesia, masiku a Citaganya. Iwo anali mkamwini pamudzipo, koma eni mudzi anawakonda, motero anamanga nyumba yofolera ndi malata, yoyamba m'mudzi wonsewo.

Nyumbayo ili ndi zipinda zitatu ndi khonde lalikulu la mizati ya mupani, mtengo umene ciswe cimaulephera. Kuseri kwake kuli khichini, nkhokwe ya cimanga, kankhokwe ka nshawa, khola la mbuzi ndi kanyumba ka nkhunda. Zonsezi zinaikidwa mozungulira bwalo, kotero kuti munthu wokhala pakhonde amaona cuma cake conse osanyamuka pampando.

Mvula itatha, mwana wa mlongo wake anadza nakhala pansi mwaulemu. "Atsibweni," iye anatero, "nyumba iyi yatha. Denga likudontha ndipo khoma lakumadzulo lang'ambika. Ndiloleni ndiigwetse, njerwa ndi malata ake ndikamangire sitolo ku mseu waukulu, kumene mabasi amaima pogula nthoci. Ana afunika ndalama za sukulu. Inu ndidzakumangirani kanyumba katsopano."

Mkuluyo sanayankhe msanga, cifukwa mau a mnyamatayo anali oona. Denga linali kudonthadi, ndipo ndalama zinali kusowa. Anangoti, "Mwana wanga, ndipatse masiku atatu."

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Anakumbukila ulendo wake wa ku Blantyre, m'dziko la Malawi, kumene anapita kukaona mwana wake wamkazi wokwatiwa kumeneko. Mkamwini wake, podziwa kuti apongozi ake ndi mmisili, anawaperekeza kukaona Mandala House, nyumba imene anthu ambili amati ndiyo yakale kuposa zonse za cizungu zomwe zikali ciimile m'dzikolo.

Nyumba ya Mandala inamangidwa m'caka ca 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene inayambika ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1878. Oyang'anila ake anali abale awili, John Moir ndi Frederick Moir. Anthu anamucha John dzina lakuti Mandala cifukwa ca magalasi a m'maso amene anali kuvala, ndipo dzinalo linafalikila pa nyumbayo ndi pa masitolo onse a kampaniyo. Inali nyumba ya bwana woyang'anila malonda, yosanja, yokhala ndi khonde pansi ndi pamwamba pomwe. Kuseri kwake kunali bwalo lochingidwa, kumene kunali kusungidwa katundu ndiponso kumene azungu anali kuthawila pa nthawi ya nkhondo.

Cimene cinamudabwitsa mkulu wa kwa Ndake cinali cakuti makoma a nyumba yochukayo anamangidwa ndi zidina ndi dothi, zinthu zomwe munthu aliyense wa m'mudzi amazidziwa. Nanga yakhala bwanji zaka zoposa 140? Iye anaizungulila nayang'ana m'mwamba, ndipo yankho analipeza yekha: khonde. Denga lotambalala limachinjiliza khoma kuti mvula isalimenye, ndipo khoma louma silikalamba msanga. Cinanso n'cakuti nyumbayo sinasiyidwe yopanda anthu. Boma la Malawi linaiika pakati pa zinthu zakale zotetezedwa, ndipo bungwe la Society of Malawi linasungamo mabuku ndi zithunzi zakale. Nyumba yokhalamo anthu ikayamba kudontha, wina amaona tsiku lomwelo.

Kwao kwa a Moir, ku Scotland, mwambo wosunga nyumba zakale ndi wolimba. Nyumba za alimi a kumeneko zimakhala za miyala, zofolera ndi miyala yopyapyala ya sileti, ndipo makoma amawapaka laimu cifukwa ca mvula yamphepo. Khola la ng'ombe, khola la akavalo, nyumba yosungilamo dzinthu ndi mosungila ngolo zimazungulila bwalo, monga momwe nkhokwe ndi makola zimakhalila kwathu kuno. Bungwe la boma lochedwa Historic Environment Scotland limalemba nyumba zofunika m'magulu atatu, A, B ndi C. Nyumba ikalembedwa, mwini wake saloledwa kuigwetsa kapena kuisintha popanda cilolezo ca khonsolo, ndipo kawilikawili lamulolo limakhudzanso makola ndi nyumba zina zakale za pabwalopo. Munda wa Ellisland, pafupi ndi Dumfries, kumene mlembi wa ndakatulo Robert Burns anayamba kulima mu 1788, umasungidwa pamodzi ndi makola ake. Eni dziko anaona kuti nyumba yogonamo yokha singathe kuuza adzukulu mmene makolo ao anali kupezela cakudya.

Kuno ku Zambia nakonso lamulo lilipo. Mu 1989 linakhazikitsidwa bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene linalowa m'malo mwa National Monuments Commission. Lamulolo limateteza nyumba ndi mabwinja a nthawi isanafike 1 January 1924, ndiponso malo ena amene boma lawalengeza, monga zojambula za pamiyala za ku Thandwe ndi ku Mkoma m'cigawo cino ca Kum'mawa. Koma nyumba ya mkulu wa kwa Ndake inamangidwa patapita zaka zambili cicokele 1924, ndipo palibe munthu wochuka amene anagonamo. Iye anadziwa kuti palibe wa boma amene adzabwera kudzaletsa nyundo. Ngati nyumbayo idzakhala, adzaisunga ndi eni ake.

Tsiku lacitatu anaitana mwana wa mlongo wake, alongo ake ndi anyakwawa. Anawatengela kukhoma long'ambika nawasonyeza kuti mng'aluwo unayamba pamene lata limodzi linacita dzimbili, madzi nayamba kulowa m'maziko. Anagogoda njerwa ndi cala, ndipo inalila ngati mbale.

"Njerwa izi anaumba ndi ambuye ako kudambo lija," iye anati. "Amai ako anabadwila m'cipinda ici. Caka ca cilala ca 1992 nkhokwe iyi inadyetsa mabanja anai. Ukagwetsa, udzapeza njerwa zokwanila khoma limodzi, cifukwa zambili zidzasweka. Koma ana ako akadzafunsa kumene tinacokela, udzawalozela ciulu ca dothi."

Mnyamatayo anaweramitsa mutu. "Ndamva, atsibweni. Koma nanga sukulu ya ana?"

Apa mkuluyo sanabise kuti funsolo linali lolemera. Anapeleka mbuzi zinai za m'khola lomwelo kuti zigulitsidwe, nalonjeza kuti adzakhala pamthunzi ndi kulangiza anyamata kaumbidwe ndi kaochedwe ka njerwa zatsopano za sitolo. Anyakwawa anakumbutsa onse kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo abale anagwilizana kusonkha malata asanu a nyumba yakaleyo mvula isanayambe.

Sitoloyo inacedwa ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mnyamatayo anadandaula kangapo. Koma pa tsiku lokonza denga ndiye anali woyamba kukwera pamwamba, ndipo potsika anafunsa atsibweni ake kuti amuonetse mmene ambuye ake analumikizila mitanda popanda misomali yambili.

Awerengi, m'midzi yathu yambili muli nyumba zotere, ndi nkhokwe ndi makola amene akugwa pang'onopang'ono. Musanaitane munthu wa nyundo, yambani mwayang'ana denga, muchotse ciswe, mukumbe ngalande yopatutsa madzi, ndipo mufunse akulu amene anaimanga. Kwa Ndake, mkulu uja amakhalabe pakhonde la atate ake madzulo alionse, akuwerenga mbuzi zake zotsala pamene zikulowa m'khola.