Namwino Nayenso Amadwala Mtima

Ife aphunzitsi timanyadira ana athu akale amene anapita patsogolo. Mmodzi wa iwo, amene tinamphunzitsa kugwira pensulo kuno ku Mua, lero ndi namwino pa chipatala china cha m'chigwa chathu chino. M'chaka cha 2023, pamene kolera yoyamba mu Marichi 2022 inali itapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, tinakomana naye pa msika wa Golomoti ataonda, maso ali psuu. Anatiuza kuti tulo tinamthawa, nsima siikoma, ndipo kulira kwa mayi wofedwa sikumkhudzanso. Ife tinayankha monga amayankhira akulu: "Limba mtima, mwananga, ntchitoyi unaisankha wekha."

Mawu amenewo tikuchita nawo manyazi kufikira lero. Pakuti chimene chinamgwira si ulesi kapena mantha, koma nthenda ya maganizo, imene imabwera munthu akasenza chisoni nthawi yaitali osatula. Taganizani, abale: usiku wonse namwino mmodzi m'wodi yodzaza, mankhwala atha, ife odikirira odwala tikumkalipira, mwana n'kutsirizika m'manja mwake, kukacha, tifuna atimwetulire.

Odziwa za maganizo apeza kuti wokana chisoni chake ndi kuchikankhira pansi amathyoka msanga. Koma amene avomera kuti "lero ndasweka mtima," nakumbukira chimene anasankhira ntchitoyo, amadzukanso. Bango la kugombe kwa Mtakataka limawerama mwera ukaomba, m'mawa laimanso. Nthambi youma ndiyo imagwa. Tsono ife tinamlangiza mwanayo kuti aume.

Ku Harare, Dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pafupi ndi chipatala ndi kumvetsera ovutika maganizo, ndipo ambiri anapeza bwino. Kodi ife benchi tilibe? Makutu tilibe? Nthendayi ikakula, madokotala ake alipo ku Zomba, ndiponso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupitako si misala ayi.

Patapita masabata awiri tinapita kwawo kukapepesa. Tinakhala pakhonde, iye nalankhula mpaka dzuwa linalowa kuseri kwa mapiri a Dedza, ife osamdula. Akugwirabe ntchito. Chomwecho, mukapita kuchipatala, musanafunse za mankhwala, yambani mwafunsa: "Mwadzuka bwanji, anamwino?" Ndipo dikirani yankho lake.