Zimene Mapu Akale Amanena za ku Chiromo

Ambirife mapu tinawasiya m'kalasi ya jogalafe, ndipo timawayesa chida cha alendo osadziwa njira. Ine ndimawawerenga ngati buku la mbiri, makamaka aja amene bungwe la Directorate of Overseas Surveys la ku Britain linkajambula pogwiritsa ntchito zithunzi zotoledwa pa ndege. Pa mapu amenewa, a muyeso wa 1:50,000, masentimita awiri amaimira kilomita imodzi, kotero kuti mtsinje, dambo, njanji ngakhale timisewu ta kumudzi zimaoneka. Timizere tokhotakhota tija timasonyeza kukwera kwa malo: tikathithikana ndiye kuti pali chitunda, tikatalikirana ndiye kuti ndi chigwa.

Ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire, timizereti n'totalikirana kwambiri. Aliyense wodziwa kuwerenga mapu angathe kuona msanga kuti kumeneku madzi akasefukira alibe chowatchinga.

Lero malowa ndi achete, koma kale anali khomo la dziko. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira kufupi ndi kuno m'chaka cha 1862. Pambuyo pake sitima za pamadzi zochokera ku Zambezi zinkatsitsira katundu pompano. Shire ataphwa moti sitimazo zinayamba kutitimira mumchenga, njanji inakayambira kumunsi ku Port Herald, komwe tsopano timati ku Nsanje, ndipo inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Pa pepala njanjiyo ndi mzere wakuda wodutsa pa Bangula, Chiromo ndi Makhanga mopanda chododometsa. Pansi, madzi anaidula m'chaka cha 1997, ndipo anthu a tsidya la kum'mawa anabwerera ku mabwato.

Nditapita ndi mapu otere kudera la Makhanga, ndinawayala pa mphasa pamaso pa agogo ena aamuna amene sanapiteko kusukulu. Nditangowalozera pamene pali mlatho ndi pamene pali njanji, zotsalazo anazipeza okha. Chala chawo chinatsata mzere wobiriwira wa Ruo, kenaka chinaima. “Mdzukulu wanga, mtsinjewu unachokapo apa,” iwo anatero. Ankanena zoona. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anapatutsa Ruo n'kumutsegulira njira ina, ndipo namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anadzawonjezera chipasupasu. Pamene mapu akusonyeza mtunda, agogowo ananditchulira dimba la malemu mayi awo, mtengo wa mtondo umene ankaweruzirapo milandu, ndiponso manda a mudzi amene tsopano anakwiririka ndi mchenga.

Zonsezi pa mapu palibe, ndipo apa ndi pamene ndimakangana nawo. Amene ankawajambula ankasamala za njanji, malire ndi maofesi a boma. Maina ena anawalemba monga mmene khutu la mlendo linawamvera, n'chifukwa chake pa mapu akale timawerenga Cholo m'malo mwa Thyolo, Mlanje m'malo mwa Mulanje. Dambo lalikulu la kumpoto kwa Chiromo analitcha Elephant Marsh, dzina lochokera kwa David Livingstone amene anaonako njovu zambiri m'chaka cha 1859, ngati kuti asodzi a kumeneko analibe maina awoawo a mathawale ndi timitsinje ta m'menemo. Ndege imajambula denga la nyumba, koma siingadziwe kuti pakhomopo ndi pa yani.

Ngakhale zili choncho, sindingawataye. Nkhani yosamutsira anthu kumtunda yakhala ikuvuta m'chigwa cha Shire kwa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri misonkhano yake imathera m'kulozana zala: alangizi akuti anthu ndi osamva, anthu akuti alangizi sadziwa chonde cha m'dimba. Mkangano wina umabuka mtsinje ukasuntha, pakuti munda umene unali tsidya lino umapezeka uli tsidya lina, ndipo Ruo ndiye malire a Malawi ndi Mozambique kwa mtunda wautali. Pamilandu yotere kukumbukira kwa munthu kumatsata kumene kuli phindu lake. Pepala lojambulidwa mkanganowo usanayambe silikondera mbali.

Agogo aja anandipempha kuti ndiwasiyire kope la mapuwo. Mdzukulu wawo wa Fomu 2 anatenga pensulo n'kuyamba kulembapo maina amene iwo ankatchula, kuyambira pa mandapo kutsikira kumtsinje. Dzuwa limalowa atalemba maina okwana tsamba lonse la kuseri.