Nyumba imagulidwa ndi miyendo

Awerengi, makamaka inu amene mwangolowa kumene m'banja, komanso inu makolo amene mwatopa ndi kugogoda kwa alandilodi mwezi ukatha, lero tiyeni tiyendere limodzi mzinda wa Blantyre. Ndalama zisiyeni kubanki. Valani nsapato zolimba, tengani ambulera, basi. Nyumba kapena puloti imayamba kugulidwa ndi miyendo, ndalama zimabwera pambuyo.

Tiyambire pa Ginnery Corner, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Kwezani maso. Uko kuli phiri la Ndirande, uko la Soche, chakumadzulo kuli Michiru, ndipo mukatsata msewu wa Chipembere mpaka ku Limbe mukaona Mpingwe ndi Bangwe. Mzinda uno udakhala pakati pa mapiri, ndipo mvula ikagwa madzi onse amathamangira kumunsi, kukalowa m'mitsinje monga Mudi, Naperi ndi Nasolo. Madziwo ali ndi njira zawo zakalekale. Sadziwa kuti mwamanga ndi ndalama za ngongole.

Tsopano kwerani minibasi ya ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zidatsika m'phirimo n'kukokolola nyumba ndi anthu omwe. Mabanja ambiri adalira maliro, ena adatsala ndi zovala za m'thupi zokha. Ambiri adamanga m'malo otsetserekawo kaamba koti ndi kumene thumba lawo lidafika. Sitikuwaseka ayi. Koma inu amene simunagulebe muli ndi mwayi woona kaye.

Ndiye malo alionse amene mwawakonda, kawaoneni m'dzinja. Mu Okutobala puloti iliyonse imaoneka bwino. Pitani mu Januwale kapena Febuluwale mvula itangokata. Yang'anani mizere ya chinyezi pamakoma, ming'alu, ndi zigwembe zimene madzi akumba. Onani ngati galimoto ingafike pakhomo usiku mayi atayamba kudwala matenda a uchembere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuchoka apo, ganizani za madzi akumwa. Madzi ambiri a mumzinda uno amachokera mumtsinje wa Shire, ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kuwapopa kukwera chitunda kudzera ku Chileka. Magetsi akavuta, kapena nyumba ikakhala pamalo okwera kwambiri, mpopi umatha kungotulutsa mphepo. Wogulitsa sangakuuzeni zimenezi. Tsegulani mpopiwo nokha, kenaka kachezeni ndi amayi amene ali pamzere ndi zigubu. Iwowo ndiwo amadziwa kuti madzi amabwera masiku angati pasabata.

Mwina mwaona kuti m'kati mwa tauni mitengo yakukanikani, ndiye maso aloza ku Chileka, Lunzu, Mpemba kapena Chigumula, kumene malo amatsikako mtengo. Palibe cholakwa. Koma tsiku lina dzukani m'mamawa, mukakwere minibasi kuchokera komweko nthawi imene anthu amapita kuntchito. Werengani maola, werengani ndalama ya thiransipoti ya inu, akazi anu kapena amuna anu, ndi ana, muchulukitse ndi masiku a mwezi. Yendani wapansi mpaka kusukulu ya pulaimale, muone ngati mwana wa Sitandade 1 sadzafunika kuwoloka mtsinje kapena msewu waukulu. Mubwerenso Lachisanu usiku. Malo amene masana ali zii, usiku mwina ndi pakati pa mabala atatu.

Nanga wokuperekezani paulendowu ndani? Apa mpamene ambiri amagwa chagada. Masiku ano ma ejenti ali ponseponse, pa Facebook, pa WhatsApp ngakhale pansi pa mtengo. Ena ndi akatswiri enieni, ena ndi madobadoba chabe amene ofesi yawo ndi foni ya m'manja. Ejenti weniweni ali ndi ofesi imene mungaipezenso mawa, amakuonetsani zikalata zoti ndi wolembetsedwa, amakulemberani papepala ndalama imene iye adzalandire ndi amene adzaipereke, ndipo lisiti savuta nalo. Koposa zonse, amakukumanitsani ndi mwini malo maso ndi maso. Mukangomva mawu oti "perekani lero, pali wina akubwera ndi ndalama mawa", dziwani kuti akufuna musaganize. Musiyeni winayo agule. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funsaninso kuti nthakayo ili m'manja mwa yani. Mumzinda uno malo ena ndi a boma kudzera ku Unduna wa za Malo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a khonsolo ya mzinda, ena a anthu paokha, pomwe kunja kwa mzinda ambiri ali pansi pa mafumu. Tengani nambala ya puloti, mupite nokha kuofesi yoyenera mukafufuze. Dzina limene lili m'kaundula lifanane ndi la pachitupa cha amene akugulitsa. Onani ngati nyumbayo sidaikidwe chikole kubanki, ngati lizi yake yatsala ndi zaka zingati, komanso ngati palibe ngongole ya khonsolo, ya madzi kapena ya magetsi. Akuonetseni mabikoni onse, anthu oyandikana nawo ali pomwepo.

Chenjerani kwambiri ndi nyumba za amasiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Malume kapena mwana woyamba sangangogulitsa payekha popanda zikalata zomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Mukagula mwachinyengo chotero mudzatha zaka mukukwera masitepe a khoti, ndipo misozi ya ana amasiye si maziko abwino a nyumba. Malo a kwa mfumu nawonso, kalata ya amfumu yokha siyokwanira ngati abale ena sadavomere.

Zonse zikayera, pezani loya alembe mgwirizano, pakhale mboni, ndalama zidutse kubanki. Ndipo inu awiri mukambirane bwino za maina olembedwa pachikalata. Ngati mwasonkha nonse, maina onse awiri aonekepo, kuti wina akadzatsogola wotsalayo asadzathamangitsidwe ndi achibale.

Ulendowu ndi wotopetsa, nsapato zimatha, ndipo mwina pangadutse dzinja lathunthu musanagule. Zisakudandaulitseni. Lendi ya miyezi isanu ndi umodzi ndi yochepa poyerekeza ndi thukuta la zaka khumi. Yendani, funsani, chifukwa safunsa adadya phula. Tikumanenso Lamulungu likudzali.