Diso Losakondera

Amayi anzanga, mtima wa nakubala umaweruza mlandu usanaumve. Ndaziona ndekha kuno ku Johannesburg, kumene mwana wanga wa zaka 12 amapikisana ndi anzake pa timagalimoto totchedwa kart. Timeneti n'topanda denga, ndipo woyendetsa amakhala ngati ali pansi penipeni. Koyamba anakapanga Art Ingels ku California mu 1956, ndipo katswiri uja Lewis Hamilton anayambira pomwepa ali ndi zaka 8.

Bambo akunyumba anagula kamera yaing'ono ya GoPro naimanga zolimba kutsogolo kwa kagalimotoko, pakuti malamulo a mipikisano yambiri salola kuimata pachisoti. Cholinga chinali chakuti mwanayu aziona pamene akulakwitsa pokhota ndi poponda buleki.

Loweruka lina anagundana ndi mnzake pakona, onse awiri natuluka mumsewu. Ine, poonera patali, ndinapsa mtima ndi kulalatira mayi wa mnyamatayo pamaso pa anthu. Madzulo ake tinaonera kanema uja. Kalanga ine! Mnzakeyo anali kale patsogolo, m'njira yake. Wanga ndiye anachedwa kuponda buleki namuomba kumbuyo.

Mwana anazyolika, koma manyazi aakulu anali anga. Sabata yotsatira tinapita tonse kukapepesa, ndipo mayiyo anatilandira mwaulemu umene ine ndinawamana.

Kusukulu ndi kuchitsime kulibe kamera, amayi. Mwana akabwera ndi dandaulo, yambani mwafunsa amene analipo musanatukule mawu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.