Pampu Inapitiriza Kulira

Galimoto itagudubuzika n'kugonera chammbali, injini inazima ndipo kunangoti zii. Kenako ndinamva kaphokoso kamene ndinkakadziwa bwino: tiki-tiki-tiki. Inali pampu ya petulo, ikupopabe.

Galimotoyo ndinaipanga ndekha kuseri kwa galaja yomwe ndimagwirako ntchito ku Johannesburg. Ndinagula chasisi ndi injini ya 1600 ya Volkswagen Beetle, mwa zija zinkapangidwa ku Uitenhage mpaka 1979, n'kuvekapo thupi la fibreglass. Pa Beetle thanki imakhala kutsogolo, injini kumbuyo, ndipo pampu yomwe imabwera nayo imakankhidwa ndi injini yomweyo. Injini ikaima, nayonso imaima. Pampu yanga inali itatha, ndiye ndinamanga yamagetsi pansi pa thanki, waya wake n'kumulumikiza ku kiyi kudzera pa fuzi basi. Ndinkadziwa kuti pakufunika chozimitsira. Ndinati ndidzaika mwezi ukatha.

Tsikulo tinapita kukaiyesa pamsewu wafumbi kunja kwa tauni, mlamu wanga akunditsatira pa bakkie. Tayala lakutsogolo linaphulika pakona. Pogudubuzikapo paipi ya petulo inazuka pa kabuleta, koma kiyi anali akadali pomwe ndinamusiya. Ndinagonera mkono wamanja, utathyoka. Wamanzere sunkafika pa kiyi chifukwa lamba anali atandikunga pachifuwa. Ndinkamva pampu ikulavulira petulo pa ekizozi yotentha, fungo lake likundilowa kukhosi, ine ndikuyang'ana kiyi ali pafupi ngati apa ndi apo. Kenako moto unangoti buu kumbuyo kwanga.

"Alamu, gwirani khosi langa!" Mlamu wanga anali atadula kale lamba ndi mpeni. Anandikoka ngati thumba la chimanga, malaya anga akuyaka. Fibreglass ikagwira moto sichedwa, ndipo pampu inali ikuuthirirabe petulo. Ndinapsa phewa ndi msana. Madokotala anasenda khungu pantchafu n'kumata paphewa, ndipo ndinagona chafufumimba m'chipatala milungu 7.

Chomwe chimandiwawa n'choti kachipangizo kamene kakanaimitsa pampuyo ndinali nditakagwirapo kambirimbiri pokonza ma Ford. Ndi kabokosi kakang'ono kokhala ndi batani pamwamba. M'kati mwake muli kampira kachitsulo kogwiridwa ndi maginito. Galimoto ikawombana kapena kugubuduka, kampirako kamadumpha n'kudula magetsi opita ku pampu, ndipo sabwerera mpaka munthu atadina batanilo. Kumalo ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa amakagulitsa motchipa kwambiri.

Palinso njira ina, yodutsitsa magetsi a pampu pa swichi ya mphamvu ya oyilo kudzera pa relay. Injini ikazima mphamvu ya oyilo imatsika, pampu n'kuima, ngakhale galimoto isanawombe kanthu. Poliza injini, pampu imalandira magetsi kuchokera ku waya wa sitata mpaka oyilo atakwera. Ine tsopano ndimaika zonse ziwiri, chifukwa nthawi zina galimoto imawomba injini n'kumalirabe, ndipo nthawi zina injini imazima popanda kugunda kulikonse.

Mwezi watha mnyamata wina anabwera ndi galimoto yake yodzipangira, pampu atailumikiza ku kiyi monga ndinachitira ine. Ndinam'uza kuti situluka pageti choncho. Tinamanga kabokosiko choimirira pachitsulo cholimba cha chasisi, pomwe dzanja la dalaivala lingafike. Atayatsa kiyi ndi kuliza injini, ndinam'patsa sikuludiraiva kuti amenye pambali pake ndi chigwiriro. Anamenya kamodzi, pampu inangoti zii.