Mwana Akapita ku Joni, Ndalama Azisunga Kuti?

Amayi anzanga, m'magulu a banki mkhonde amene ndimayendera kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje, ndi owerengeka amene alibe mwamuna, mwana kapena mlongo ku South Africa. Potsazikana timawalangiza za ulemu ndi za matenda, koma za kasungidwe ka ndalama timangoti akaonera konko.

Masiku a Wenela ndi TEBA nkhawa imeneyi inali yochepa, pakuti gawo la malipiro a azibambo athu linkasungidwa ndipo ankadzalandira atabwerera kumudzi. Koma kulemba anthu a kumigodi kudatha m'chaka cha 1988. Lero mlendo amadzisungira yekha.

Mayi wina wa m'gulu lathu ali ndi mwana amene adagwira ntchito yosamala maluwa ku Johannesburg miyezi isanu ndi itatu, malipiro ake akulowa m'buku la mnzake. Mnzakeyo atasamuka, foni yake idaleka kugwira. Malata amene mayiyo ankayembekezera sadafike, ndipo nyumba ikudonthabe. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsono tiwauze ana athu zinthu zitatu. Choyamba, buku la ku banki likhale m'dzina lawo. Lamulo la dzikolo la m'chaka cha 2001 limalamula mabanki kudziwa mwini buku aliyense, choncho mabanki monga Capitec ndi FNB amafuna pasipoti pamodzi ndi chilolezo chokhalira kapena chogwirira ntchito. Chidindo cha paulendo wokacheza si chilolezo cha ntchito ayi.

Chachiwiri, asakopeke ndi kukongola kwa khadi. Afunse kuti banki imadula zingati pamwezi, zingati potapa pa makina, ndipo zingati potumiza kuno kwathu. Safunsa adadya phula.

Chachitatu, amene banki yamukana asasunge ndalama pansi pa matiresi kapena kupatsira wapaulendo wosamudziwa. Atumize pang'onopang'ono kudzera m'makampani ovomerezeka monga Mukuru, kuti ife tilandire ndi chiphaso chathu kapena pa foni. Nambala yachinsinsi ya khadi asauze munthu, ngakhale wochokera mudzi umodzi.

Nafenso kuno tili ndi udindo. Zikafika, tilembe tsiku ndi kuchuluka kwake, zina tiike ku gulu, kuti mwana pobwera adzaone kumene thukuta lake lidapita. Mawu amenewa tiwauze asanakwere basi ku Lilongwe.