Bambo wa pachilumba ndi malume anga mtchona

Pepani ndinakhala chete, kuchonga mayeso kunandipanikiza.

Lachitatu lapitali ndinapita ku kalabu yathu ya olemba nditanyamula ndakatulo ya Grace Nichols. Mayiyu anabadwira ku Georgetown m'dziko la Guyana mu 1950, ndipo anasamukira ku England mu 1977. Buku lake loyamba la ndakatulo linapata mphoto ya Commonwealth mu 1983. Ndakatulo yomwe ndinasankha ndi Island Man, yomwe ili m'buku lake la mu 1984. Ndi yaifupi kwambiri. Imakamba za bambo wa ku zilumba za Caribbean amene akukhala ku London. M'bandakucha, tulo tisanathe, amamva mafunde a nyanja ya kwawo. Akadzidzimuka amapeza kuti ndi phokoso la magalimoto pamsewu, basi n'kudzikoka pabedi kuyamba tsiku lina.

Ana anawerenga kawiri n'kungoti zii. Mnyamata wina anati, "Aphunzitsi, ifetu nyanja sitinaionepo, London ndiye osanena. Zikutikhudza bwanji zimenezi?" Funso lake linali labwino. Ndinayika pepala pansi n'kufunsa kuti ndani ali ndi m'bale ku Joni. Manja anakwera pafupifupi onse.

Mtsikana wina wa Fomu 3, amene kawirikawiri sayankhula, anatiuza kuti bambo ake anapita ku Joni iye ali Sitandade 4. Akaimba pa WhatsApp iye ali pamsika wa Nsungwi, amamuuza kuti asathawire kwachete. Amafuna kumva oyitanira minibasi akukuwa za m'tauni ndi Kanengo, ndi amayi akutsatsa tomato. Phokoso lomwe ife limatitopetsa m'mawa uliwonse, kwa bambowo ndiye nyanja yawo. Kalasi inakhalanso chete, koma ulendo uno chinali chete wina.

Ine maganizo anathawira kwa malume anga. Anapita ku Salisbury m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene anyamata ambiri ankapita ku Rhodesia kapena kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Anzawo a Wenela ambiri anabwerako boma litaletsa ulendowo, ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi 74. Malume sanali a Wenela, ndipo sanabwere. Kalata zinasiya kufika, pamudzi n'kuyamba kuwatchula kuti mtchona. Anatulukira ine ndili ku sekondale, ali ndi sutikesi imodzi ndi wailesi.

Tinkawaseka. M'mawa ankalonjera kuti "mangwanani", nsima ankaitcha sadza, ndipo nkhani iliyonse inkathera ku Mbare. Ife anyamata tinkawatsanzira kuseri kwa nkhokwe. Tsiku lina anandimva. Sanakalipe, anangoti, "Mphwanga, kuja ankatitcha Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre. Kuno mukuti ndine wa ku Halale. Nanga kwathu n'kuti?" Sindinawayankhe, ndipo anamwalira ndisanawafunse chilichonse cha moyo wawo wa kumeneko. Zimandiwawa mpaka lero.

Ndawerenga ndakatuloyi kwa zaka zambiri ngati nkhani ya anthu akutali, ndikumafotokozera ana za mafanizo ndi kubwereza mawu. Pa Lachitatu m'pamene ndinaona kuti malume anali bambo wa pachilumba kawiri. Ali ku Mbare ankalota kumudzi, atabwera kumudzi ankalota ku Mbare. Munthu amene wakhala kwina zaka zambiri amakhala ndi makwawo awiri, ndipo kulikonse amam'funsa chifukwa chomwe akulankhulira chonchi. Nichols mwini sabisa zimenezi. M'ndakatulo zake zambiri amasakaniza Chingerezi cha m'mabuku ndi chilankhulo cha m'misewu ya ku Guyana, ndipo mu 2021 anapatsidwa mendulo ya golide ya Mfumukazi ya ku Britain chifukwa cha ndakatulo zomwezo.

Aphunzitsi anzanga, tisathamangire kulembetsa manotsi. Ana athu ambiri akuleredwa ndi ndalama zotumizidwa kuchokera ku Joni, ndipo ena anamva makolo awo akukamba za mabasi omwe anabweza Amalawi kuthawa zipolowe za mu 2015. Nkhani ya kusamuka amaidziwa kuposa ife, koma sitiwafunsa.

Ntchito yomwe ndawapatsa ndi iyi: aliyense afunse m'bale wake amene ali kunja kuti amamva chiyani m'mutu akamadzuka, kenako alembe ndakatulo m'chilankhulo chomwe akufuna. Nanenso ndikulemba yanga, ngakhale woti ndim'funse kulibe.

Inu ophunzira anga akale amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena Dublin, funso lomweli ndi lanu. Mundilembere, ndikawawerengere ana Lachitatu likudzali.